Moni wa a Leah ku Amsterdam

Ngati ndinu Mmalawi ndipo mwakhala ku Perth kuno kopitirira mwezi, a Leah Msaiwale anakupatsanipo moni. Ine ndimakhala nawo moyandikana ku Morley. Nyumba zathu zinagundana khoma, ndipo khoma lake ndi lija loti mnzako akatsokomola iwe umayankha kuti pepani. Ndiye zimene ndikunenazi sindinatole pamsewu ayi.

A Leah ndi mayi wamfupi, wa zaka za m'ma fifite, woyenda ngati basi ikuwasiya. Kwawo ndi ku Dedza. Amuna awo, a Aloysius, anamwalira konkuno, ndipo mwana Mulungu sanawapatse. Amagwira ntchito yosamalira okalamba cha ku Murdoch. Koma chimene amadziwika nacho ndi moni. Akaona munthu wakuda, kaya pa siteshoni ya basi, kaya m'sitima ya ku Fremantle, kaya pamzere mu shopu, amamuyandikira n'kuti, "Muli bwanji?" Ambiri amakhala a ku Sudan kapena ku Kenya, amangomwetulira. Koma mwa apo ndi apo wina amatembenuka, maso ali tong'o. Ine anandipeza choncho, ndikulimbana ndi khadi la basi sabata yanga yoyamba. Theka la anthu a kutchalitchi kwathu anawatola ndi moni womwewo.

Ndinkawaseka. "Asisi, tsiku lina mudzapatsa moni chigawenga."

"Nachonso chili ndi kwawo, amake Daliso."

Mwana amene ankamutenga ngati wawo ndi Angel, wa mng'ono wawo. Anamuphunzitsa kuyambira pulayimale. Atamaliza fomu folo ntchito kunalibe, ndiye a Leah anakadandaula kwa a Zikani. A Zikani tonse tinkawadziwa: bambo wa masuti, woimba besi mu kwaya, mwini galimoto yaikulu yoyera imene inkakatenga aliyense ku eyapoti. Ankati ali ndi anzawo ku Ulaya amene amapezera atsikana ntchito za m'mahotela. Angel anapita ku Amsterdam zaka zitatu zapitazo. Ankatumiza mameseji ndi zithunzi za mabedi oyalidwa bwino. Foni ya vidiyo ndiye ayi, akuti abwana amaletsa.

Ineyo ndinasirira. Mchimwene wanga ku Area 25 ali ndi mwana wake Debbie, nayenso anali atangokhala pakhomo. Ndinapita ndekha kwa a Zikani kukapempha. Pasipoti inatuluka, ulendo unali wa mu Okutobala.

Mu Ogasiti a Leah anatenga holide yaitali ija amakupatsa ukagwira ntchito zaka zambiri pamalo amodzi. Anzawo awiri achizungu a kuntchito ankapita kukayenda ku Ulaya, iwo n'kudziphatika kuti akaone mwana. Ndinawathandiza kumanga phukusi la Angel: jekete yaubweya, zitenje ziwiri, mafuta a tsitsi. Tinalikulunga ndi tepi mpaka kulimba ngati mpira.

Atabwerako, ndinalowa kukawalonjera. Phukusi lija linali pamwamba pa kabati, tepi yake osadulidwa.

"Angel simunamuone?"

"Anali bize."

Basi. Zithunzi osandionetsa, ngakhale kamphatso komata pafuliji. Mawa lake tinakwera basi imodzi. Munalowa mtsikana wakuda, wooneka kuti ndi mlendo, akufunsa njira kwa dalaivala. Ndinadikira moni uja. A Leah anayang'ana pawindo mpaka mtsikanayo anatsika.

Kenako galimoto yoyera inayamba kuima pakhomo pawo Lachitatu lililonse masana. Ndisakunamizeni, poyamba ndinaganiza zachibwenzi, ndipo ndinakondwera. Mayi wamasiye, bambo wa besi, bwanji osatero? Ndinazimitsa wailesi kuti ndimve bwino. Koma kuseka kunalibe. A Zikani ankalankhula okha, motsitsa, ngati akupemphera. Tsiku lina ndinamva bwinobwino akuti, "Mwanayo ali bwino, mayi. Ndipo akhalabe bwino, bola tonse tizisamala pakamwa." Atatuluka, a Leah anatsegula mpopi wa kubafa. Madzi anathira nthawi yaitali, koma sanabise kulirako.

Sindinafunse. Ine wa makutu aataliatali, sindinafunse. Ndinkaopa kuti yankho lake likhudza nyumba yanga.

Lolemba lina m'mawa tinali pa siteshoni ya Morley, iwo atavala yunifolomu. Ndinawauza kuti tikiti ya Debbie yafika, anyamuka pakatha masabata awiri. Ndinawonjezera, mwanthabwala, kuti jekete ija ingopita ndi Debbie poti ikungodya fumbi. Basi yawo inabwera, anthu anakwera, inapita. Iwo ali chikhalire.

"Asisi, basi yanu ija."

"Khalani pansi, amake Daliso."

Anati Angel anawalonjeza kuti akumana pa siteshoni ya sitima. Anadikira tsiku loyamba, kunabwera meseji yoti shifiti yasintha. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Atapempha dzina la hotela kuti angokasiya phukusi, foni inazima. Tsiku lachitatu anzawo aja anawakakamiza kuti asangokhala m'chipinda, akakwere boti. Mzinda wonsewo akuti ndi ngalande zokhazokha, madzi akuda bii osayenda, nyumba zazitali zopyapyala zitapendekeka ngati zikufuna kugweramo. Atatsika boti, mayi wowatsogolera anati mafoni alowe m'zikwama, kumene akupitako kujambula n'koletsedwa.

"Inali 3 koloko masana, dzuwa lili phwee," anatero a Leah. "Pafupi pali tchalitchi chachikulu chakale, belu likulira. Anthu akudya tchipisi, akuseka. Koma m'tinjira timenemo zitseko zake ndi zagalasi, pamwamba getsi lofiira, m'kati mwaima mkazi, wavala zamkati zokha. Chitseko chilichonse mkazi. Amuna akuyenda pang'onopang'ono ngati akusankha nsapato. Ine ndinangoweramitsa mutu, ndikuti Ambuye nditulutseni muno."

Chitseko chimodzi chinali chotsegula pang'ono. Panaima mtsikana wakuda, wigi yofiira, akuyang'ana foni.

"Pakamwa panga panalankhula pokha. Ndinangomva ndikuti, muli bwanji."

Mtsikanayo anapinda maondo pang'ono, dzanja pachifuwa. "Ndili bwino, kaya inu amayi?"

Onse awiri anauma. Mtsikana uja anasuzumira uku ndi uku, n'kunong'ona. "A Zikani ndi amene akutumani? Mukawauze kuti sindinavutenso ayi. Chichokereni tsiku lija sindinavute."

A Leah anafunsa ngati akumudziwa Angel wa ku Dedza, wa mpata kumano.

"Anamusamutsa."

"Kupita kuti, mwanawe?"

Pa mlatho panali bambo wina atatsamira njinga, osadya kanthu, osaseka, akungowayang'ana. Mtsikanayo anamuona. Anatseka chitseko n'kukoka keteni.

Basi yachiwiri inafika n'kupita.

"Sizinathere pomwepo," anatero a Leah. "Ku eyapoti kuno anabwera kudzanditenga ndi a Zikani. Sindinawapemphe. Anandinyamulira sutikesi, ananditsegulira chitseko. Tili pamsewu akuti, ndamva kuti munapeza wakwathu kumene kuja. Inu ndi moni wanu, mayi. Ine ndinali ndisanauze munthu, amake Daliso. Ngakhale azungu ndinali nawo aja sanadziwe chimene tinalankhula."

Madzulo a tsiku lomwe anafikalo Angel anatumiza meseji ya mawu, yoyamba pa miyezi yambiri. A Leah anandiyatsira kuti ndiimve pomwepo pa benchi. Mawu ake anali osalala, ngati akuwerenga papepala. "Amayi aakulu, ndili bwino. Chonde musamafunse zambiri, mungandiwonongere ntchito."

Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiimbire mchimwene wanga. A Leah anandigwira dzanja, mwamphamvu, zikhadabo mpaka kulowa.

"Debbie akangolephera ulendo, adziwa kuti ndine. Ndipo Angel ali m'manja mwawo."

Mwana wawo ali kale m'katimo, wanga ali pakhomo lolowera. Tinakhala choncho, dzanja lawo pa langa, anthu akutidutsa ndi makapu a khofi. Ndinaona kuti masabata asanu onse aja mayiyu ankadzuka ndi zimenezi, n'kumakasambitsa okalamba, n'kumandipatsa moni pakhomo, akudziwa tsiku la tikiti likuyandikira.

Anandisiya dzanja okha.

"Ndinamupereka ndine mwana uja," anatero. "Sindiperekanso wina. Imbani."

Ndinaimba. Achimwene anakalipa, akuti mwayi ngati umenewu ndikuutaya chifukwa cha nsanje za azimayi. Ndinawauza kuti Debbie akakwera ndege imeneyo asadzanditchulenso mlongo wawo. Kenako a Leah anaimbira kuntchito kuti sabwera, tinakwera basi ya m'tauni, kupolisi. Anatisunga maola anayi. Wapolisi wamkazi analemba zonse, anakopera meseji ya Angel, anatipatsa tiyi amene palibe anamumwa.

Lachitatu galimoto yoyera inabwera monga mwa masiku onse. Inaima kutsidya kwa msewu, injini ikulira, mawindo otseka. Ine ndinali kuseri kwa keteni, a Leah ndinkawamva akuyendayenda kuseri kwa khoma. Palibe anatsika. Patapita mphindi makumi awiri inanyamuka. Lamulungu ku kwaya besi kunalibe. Anthu akuti a Zikani apita kumaliro kumudzi. Pano yatha miyezi isanu, malirowo sanathe.

Debbie sanapite. Sandilankhula mpaka lero, akuti ndinamutsekera Ulaya. Ndimalola, azindida ali ku Area 25.

Kutchalitchi ena amatipewa. Pali mabanja anayi amene ana awo anapita kudzera mwa a Zikani, ndipo awiri mwa iwo amati a Leah ndi abodza, ana awo ali m'mahotela, zithunzi za mabedi zilipo. Apolisi amaimba mwa apo ndi apo kunena kuti akulumikizana ndi anzawo akunja.

Foni ya Angel inasiya kulandira mameseji sabata yomwe ija. Koma m'mawa uliwonse, 6 koloko isanakwane, ndimamva kukhoma a Leah akujambula mawu. "Wadzuka bwanji mwanawe? Ndine mayi ako aakulu." Amatumiza, meseji imangoima pomwepo. Phukusi likadali pa kabati. Moni wa m'basi anayambiranso, koma masiku ano akapeza mtsikana wakwathu samusiya msanga. Amafunsa kuti wabwera ndi ndani, pasipoti akusunga ndani.

Loweruka lapitali masana ndinali kwawo, tikusenda mbatata. Foni inalira, nambala yakunja yosadziwika. Anaiika pa sipika. Kunali phokoso la msewu, belu la njinga chapatali, ndi munthu akupuma.

"Muli bwanji?" anatero a Leah.

Kupumako kunapitirira pang'ono, kenako foni inaduka. A Leah anaimbira nambalayo kasanu, sinalowe. Anaiika pa tebulo pakati pathu, chagada, n'kutolanso mpeni.