Masabata awiri amene ndinali Luwisa

Fungo la mabuku onyowa ndimalidziwa mpaka lero. Ndi fungo la matope ndi chuku, lolemera ngati la nsalu yoiwalika mu ndowa. Chaka chimenecho madzi a Shire atasefukira n'kubwerera, sukulu ya m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Makhuwira, inatsala ndi mzere wakuda pakhoma wofika m'khosi mwa munthu wamkulu. Aphunzitsi ankayanika mabuku pamalata amene anagwa, ndipo masamba ake ankauma atapindika ngati nsomba zowamba.

Ndinali ndi zaka khumi. Sukulu ndinali nditaisiya mu Sitandade 3 kuti ndizilera khanda lathu amayi akamawamba milamba yokagulitsa kumsika. Amene ankapitabe anali mng'ono wanga Agnesi, wa Sitandade 1, kamwana kakafupi kamene kankathamanga kabuku kali pamutu. Aphunzitsi analipo awiri okha: ahedi, amene ankaphunzitsa akuluakulu, ndi amadamu, amene anali ndi ana aang'ono onse m'chipinda chimodzi.

Madzi aja anabalalitsa anthu. Mabanja ambiri anasamukira kumtunda ndipo sanabwerere. M'kalasi munatsala ana ochepa, moti amadamu akayankhula mawu awo ankamveka ngati ali m'tchalitchi mopanda anthu. Kenako kunabwera uthenga wakuti alangizi a maphunziro abwera kudzawerenga ana. Ku ofesi amagawa aphunzitsi potengera kuchuluka kwa ana. Akapeza ochepa, amadamu atumizidwa kwina, ndipo ana aang'ono azipita kusukulu yaikulu ya kutsidya kwa dambo. Tonse tinkaidziwa njira imeneyo. Inkadutsa m'bango, madzi ake ofika m'chiuno mwa mwana, ndipo chigumula chinali chitasiyamo ng'ona. Amayi atamva anangomuyang'ana Agnesi.

Ahedi anayamba kuyenda khomo ndi khomo, buluku atalipinda mpaka m'mawondo. Kwathu anatipeza tili pautsi.

"Amake Marita, tibwerekeni mwana wamkuluyu masabata awiri okha," anatero. "Tidzabweza ngati khasu."

"Bola lisabwere lothyoka mpini, aphunzitsi," anayankha amayi, onse n'kuseka. Ine sanandifunse, ndipo akanandifunsa sindikanayankha. Ndinali mwana wamanyazi, wamkulu akandiyang'ana ndinkakumba pansi ndi chala cha kumwendo.

Lolemba tinafika ana obwerekedwa: olera ana, oweta mbuzi, ena oti sanagwirepo pensulo. Maina athu munalibe m'kaundula, buku lalikulu la maina a ana a sukulu, ndipo kulemba atsopano pakati pa chaka kukanaonekera. Choncho ahedi anati aliyense atenge dzina la mwana amene anasamuka. Anatindandalika pakhoma, n'kumawerenga m'buku lotupa lija kwinaku akuloza ndi chala. Atafika pa ine anati, "Luwisa."

Ana tonse tinayang'anana. Luwisa sanasamuke. Anali mnzanga wosewera naye phada, ndipo madzi anamutenga tsiku loyamba la chigumula. Thupi lake silinapezeke. Abale ake anaika m'manda thunthu la nthochi lokulungidwa munsalu, monga timachitira kwathu munthu akatsala m'madzi, ndipo ine ndinaona ndi maso anga akulitsitsira m'dzenje. Ahedi anazindikira mochedwa. Anayang'ana amadamu, anayang'ananso m'buku, koma maina a atsikana anali atatha.

"Ndi dzina chabe, mwanangu," anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse tinkayeserera. Amadamu ankaitana maina, ife n'kumayankha kuti, "Ndilipo." Akamayandikira dzina lija ndinkaweramitsa mutu. Mawu anga ankatuluka aang'ono, ndipo ahedi ankati ndikweze. Anzanga pabwalo sanandisiye. "Luwisa wavuuka! Milamba inakulavula kodi?" Ena ankandithawa, akuti ndikununkha mtsinje.

Chimene ndinkaopa kwenikweni sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti mtsinje umamva. Unali utatenga Luwisa n'kukhuta, ndiye tsopano tsiku lililonse mwana wina ankauuza kuti Luwisa alipo. Ndinkati ubweranso kudzamaliza ntchito, ndipo udzafikira pa amene wayankhayo. Ndinasiya kukachapa matewera kudooko ndekha. Posamba kumaso sindinkatsinzina. Mphepo ikawomba m'bango masana ndinkaima, khanda lili kumsana, kumvetsera ngati akundiitana. Amayi ankadabwa kuti chakudya ndikungochigwira, koma ndinkaopa kuti ndikaulula andiletsa kupita, chiwerengero chichepa, ndipo Agnesi alowa m'dambo chifukwa cha ine.

Panalinso amake Luwisa. Kale ankagulitsa zitumbuwa pasukulu nthawi yopuma, koma chichitikire maliro sanaonekenso. Nyumba yawo inali panjira yathu. Ndinayamba kuzungulira kuseri kwa munda wa thonje, minga ikundibaya, kuti tisakumane. Mudzi wathu ndi waung'ono, ndipo ndinkadziwa kuti anamva.

Tsiku lowerenga linali lotentha kuyambira m'mawa. Amadamu anandibwereka yunifolomu yondithina m'khwapa. Makolo anasonkhana panja, ena pansi pa mtengo wa nimu, ena atatsamira khoma. Mazenera a kalasi lathu anali a njerwa zamabowo, ndipo ine ndinakhala pansi kumbuyo, pafupi ndi bowo limodzi lolowetsa kamphepo. Tinamva njinga yamoto ikubwera, ikuima, ikubweranso, chifukwa msewu unali udakali ndi matope. Alangizi anali bambo wonenepa wovala magalasi, nsapato zawo zitamata dothi. Anakhala pampando wa amadamu, anapukuta thukuta, n'kutsegula kaundula okha.

Anayamba kuitana. Ana ankayankha bwino. Kamnyamata kena koweta mbuzi kanayankha kawiri, pa dzina lake lobwereka ndi pa la mnzake, makolo panja n'kutsokomola onse nthawi imodzi. Alangizi sanadzutse mutu. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona kuti kuwala kwa pabowo langa kwatsekeka. Nditapenya cham'mbali ndinaona chitenje chakuda cha maliro, ndi dzanja logwira njerwa. Anali amake Luwisa, ataima pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo.

"Luwisa," anaitana alangizi.

Ndinayesa kutsegula pakamwa, koma lilime linakana. Amadamu anandiyang'ana, choko chili m'manja. Agnesi anatembenuka kuchokera kutsogolo, maso ali tong'o.

"Luwisa?" Tsopano alangizi anavula magalasi n'kuyang'ana kalasi lonse. Cholembera chawo chinali m'mwamba.

Pamenepo ndinamva mawu pabowo, otsika kwambiri, a Chisena, chinenero chimene amake Luwisa ankayankhula pakhomo pawo. "Tawira, mwanawe." Ankandiuza kuti ndiyankhe.

"Ndilipo," ndinatero. Sindidziwa ngati mawuwo anafika kutsogolo, koma cholembera chinatsika, alangizi n'kuitana dzina lotsatira. Kuwala kunabwerera pabowo. Titatuluka ndinawaona patali akupita kwawo, akuyenda pang'onopang'ono, osacheuka.

Alangizi pokwera njinga yawo anagwira ahedi paphewa. "Ana anu a Sitandade 1 akula msanga chaka chino, aphunzitsi," anatero. Ahedi anaseka kuseka kopanda mawu. Ine ndinakhulupirira kuti tagwidwa, ndipo kwa masabata angapo ndinkati ndikamva njinga yamoto ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe. Koma kalata itabwera inati amadamu akhala. Agnesi anaphunzira pomwepo mpaka miyendo yake inatalika, ndipo m'dambo muja sanalowemo. Ine ndinabweza yunifolomu n'kubwerera kukhanda. Mtsinje sunabwere kudzanditenga, ngakhale kuti chaka chonsecho ndinkaudikira.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amake Luwisa anandimvera chisoni poona ndikulephera kuyankha, ndipo ndinkachita manyazi kuti ndinaba dzina la mwana wawo iwo akumva. Sindinaganizepo za kamwana kamene kanakhala kutsogolo pambali pa Agnesi tsiku lija. Anali Fatima, mng'ono wake wa Luwisa, mwana yekhayo amene anawatsalira. Amadamu akanachoka, iyenso akanawoloka dambo m'mawa uliwonse.

Pano ndili ndi mwana wanga mmodzi wamkazi, ndipo wangoyamba kumene sukulu. Ndikamuperekeza ndimaima kanthawi pazenera mpaka dzina lake liitanidwe. Ndimayesa kuganiza kuti iye kulibe, dzinalo laitanidwa, ndipo ine ndiyenera kuuza mwana wa mnzanga kuti ayankhe. Sindifika nako kumapeto kuganizako. Mayi aja anafika nako, ataima padzuwa, ndipo anangonena mawu awiri.