Msewu Womvera Akufa Okha

Lachiwiri lapitali ndinapepesa maliro a munthu amene sanamwalire. Ndinapepesa ndi mtima wonse, chipewa chili m'manja, nkhope itagwa monga mmene makolo anatiphunzitsira.

Ndinali pa njinga yanga yakapalasa, kuchokera pa Kasungu kulowera cha ku Njombwa kukaona mlongo wanga. Ino ndi nyengo ya msika wa fodya, ndiye mukudziwa mmene msewu wa tala umakhalira. Malole a mabelo amangopikisana kuthamangira ku okushoni, ndipo wapanjinga amapalasa khutu limodzi lili kumbuyo. Hutala ikangolira, sufunsa. Umagwera kufumbi, kaya kuli dzenje kaya kuli minga, zimenezo umakazionera komweko.

Nditafika pamalo ena pamene msewu umadutsa pakati pa esiteti ya fodya ndi mjigo, ndinaona masamba aawisi atayalidwa patala, mulu wina apa, wina chauko. Palibe Mmalawi wofunika kumumasulira zimenezi. Ndinatsika n'kuyamba kukankha njinga. Lole imene inali itandigwetsera kufumbi posachedwa pomwepo inayamba kukwawa ngati yatha mafuta. Dalaivala wake mpaka anatseka wailesi.

Pakati pa milu iwiri ija pankawoloka amayi angapo, ndowa zodzadza pamutu, osathamanga, osacheuka. Omalizira anali mayi ena aafupi, a chitenje chofwifwa. Ndinawayandikira.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Watisiya ndani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso lole ija. "Dikirani kaye adutse awa, bambo."

Lole itadutsa, anatula ndowa, n'kupita kukatola masamba aja, mulu woyamba kenako wachiwiri, n'kukawabisa kuseri kwa chulu.

"Palibe wamwalira," anatero akupukuta manja. "Timangofuna titunge madzi."

Ndinavala chipewa changa mwamanyazi.

Mayiwa anthu amawatchula kuti amake Lonjezo. Kwawo ndi ku Phalombe, kuno anabwera ndi amuna awo kudzagwira utenanti. Nyumba za matenanti zili mbali ino ya msewu, mjigo uli mbali inayo, ndipo chitsime cha paesiteti chimauma mvula ikangosiya. Chaka chatha amuna awo anakankhidwa ndi galimoto ali panjinga, pamalo omwewo. Mwendo sunabwerere mwakale. Masiku ano amangokhala m'chigafa kusankha fodya, ndodo ili pambali.

"Ndinayesa kubaibitsa dzanja, amaganiza kuti ndikufuna matola," anandiuza. "Ndinayesa kuima ndi ndowa pamutu mpaka khosi kuuma, palibe amakuona. Ndiye tsiku lina kunachitika zovuta m'mudzi wa tsidyalo. Ndinaona magalimoto onse akuyenda ngati akupita kukabatizidwa. Ndinati, ohoo, kani mabuleki ali nawo!"

Anasenza ndowa yawo. "Akandigunda inenso, m'nyumba muja madzi atunga ndani? Kwathu n'kutali, bambo."

Ndapita m'misonkhano yambiri ya chitukuko, ya mabotolo a madzi patebulo ndi zikwangwani zokongola, koma sindinamvepo katswiri aliyense akufotokoza msewu wathu momveka chonchi. Mabuleki tili nawo. Maso tili nawo. Ulemu nawonso tili nawo wosefukira. Kungoti zonsezi tinasungira mitembo.

Nditafika kwa mlongo wanga, ndinapeza nkhaniyi yandidutsa kale. Alamu anga a Mbewe anali atapusitsidwa katatu, ndipo mtima wawo unali m'mwamba. A Mbewe ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wodziwika, ndipo ali ndi kapikapu koyera kamene anagula zaka ziwiri zapitazo.

"Malodza amene aja, alamu!" anatero asanandipatse n'komwe mpando. "Munthu kumayala masamba popanda maliro? Akuitana imfa ameneyo. Obwerawa atiwonongera mwambo. Ndakawauza kale akapitawo a paesiteti paja kuti mayi ameneyo asiye kapena alongedze."

Ndinawafunsa kuti, "Kodi alamu, mukaona mayi ali ndi ndowa pamutu m'mbali mwa msewu, mumaima?"

"Ndiimirenji? Iyeyo sakuiona galimoto?"

"Nanga masamba aja, amaiona galimoto?"

"Aaa, musamafanizire zosafanana. Uja ndi ulemu."

Mlongo wanga anadzuka n'kunamizira kukaona nkhuku, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

A Mbewe omwewa anapalasa njinga zaka zoposa makumi awiri. Ndinkawaona ndi maso angawa atamangirira matumba awiri a feteleza pakaliyala, thukuta lili kamukamu, akutukwana madalaivala mpaka kuiwala kuti ndi mkulu wa mpingo. Pachigongono pawo pali chipsera cha tsiku limene basi inawagwetsera m'ngalande. Lero chigongono chomwecho chimakhala pawindo, dzanja linalo lili pahutala. Ndipo ndisadziyeretse. Ine ndemwe, akandikweza kutsogolo kwa kapikapu kaja, ndimadzimva ndikunena kuti, "Aimbireni hutala awa, akuyesa msewu ndi wa agogo awo." Mpando wa galimoto uli ndi mankhwala ake oiwalitsa.

Musaganize kuti izi n'zakumudzi kokha. Tayendani wapansi m'tauni mwathu muno Loweruka m'mawa. Pamene panayenera kudutsa woyenda pansi paima galimoto, mwini wake ali m'sitolo. Mukaizungulira mupeza ngalande yosavundikira. Mukailumpha mupeza wogulitsa nsapato wayala malonda ake, poti nayenso alibe kwina. Ndiye mumalowa patala, pamene wakabaza, wanjinga yamoto ndi minibasi akulimbirana kale kamalo kosakwana nkhuku. Mizere yoyera yowolokerapo ilipo ndithu, kwa amene ali ndi mutu wabwino wokumbukira pamene inali. Ukaima pamenepo kudikira kuti wina akupatse mpata, madalaivala amakuyang'ana ngati wadwala mutu.

Komatu tauni ino ndi ya njinga. Ndani sadziwa? Chimanga chimalowa mumsika panjinga. Makala, nkhuku, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi wodwala wopita kuchipatala atagwira malaya a mwamuna wake, zonsezi n'zapanjinga. Mlimi akagulitsa fodya wake woyamba, chinthu choyamba kukankha potuluka m'sitolo ndi njinga, mapulasitiki asanachotse. Tilipo ambiri kuposa eni magalimoto, koma msewu ukamamangidwa amayeza m'lifupi mwa lole basi. Ife amatisiyira m'mphepete modyeka muja, mmene tala amathera ngati chitumbuwa cholumidwa ndi mwana.

Kodi kanjira kosalala ka njinga ndi oyenda pansi m'mbali mwa msewu n'kovuta kuposa msewu weniweniwo? Kodi hampu imodzi pamene pali mjigo, sukulu kapena chigayo imafuna nzeru zochokera kunja? Mahampu timawadziwa kumanga. Koma taonani nthawi imene amabwera. Amadikira kaye wina agundidwe, anthu akwiye, atseke msewu ndi miyala, ndiye sabata yotsatira mumaona anthu a zipewa zachikasu atafika ndi phula. Hampu iliyonse imene ndimaidziwa ine ili ndi dzina la munthu, ngakhale silinalembedwepo. Ndiye a Mbewe akamati amake Lonjezo akuitana imfa, ine ndimadabwa. Mayi aja angoona kuti pamsewu pathu chilolezo chowolokera amapereka ndi maliro, ndiye anaganiza zotenga chilolezocho asanafe.

Ndikudziwa, ena mwa inu mwakwiya kale ngati alamu anga. Mukuti masamba akamayalidwa mwachisawawa, tsiku la maliro enieni palibe adzaime. N'zoona, ndipo inenso zimandiwawa, chifukwa mwambo umenewu ndimaukonda. Ndi malo okhawo amene bwana wa galimoto yakuda magalasi ndi wogulitsa makala amatsitsa mutu limodzi. Koma mkwiyo wonsewu ukugwera mayi wa ndowa. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akukwiyira liwiro.

Loweruka ndinadutsanso njira yomweyo. Ndili patali ndinaona masamba patala. Tsidya la mjigo kunkamveka nyimbo za chisoni, ndipo amuna anali atakhala pansi pa mtengo. Awa sanali masewera. Ndinatsika njinga ndikuganiza za mayi a chitenje chofwifwa aja.

Ndiye ndinawaona, amoyo, akuwoloka ndi ndowa pamutu ndi chigubu m'manja. Kumbuyo kwawo amayi a paesiteti anali pamzere ngati nyerere, wina ndi beseni, wina ndi mphika wophikira thobwa.

"Mayi, mwandiopsa! Ndimayesa ndinu."

"Ayi, bambo, ndi agogo ena a m'mudzimu. Amwalira pamphasa pawo, ndi ukalamba. Mulungu awalandire." Anatsitsa mawu. "Ife akapitawo anatiletsa Lachitatu. Akuti tikayalanso masamba tikwere basi ya kwathu. Masiku atatu onsewa takhala tikuwoloka mothamanga, madzi theka kutayikira pamsewu. Ndiye lero tikudzadza chilichonse chili ndi kamwa. Aika mawa masana, masambawa achotsa."

Tili chiyankhulire, kapikapu koyera kanatulukira, kakuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. A Mbewe anali atavula chipewa n'kuchiika pachifuwa. Anaima, inde anaima ndithu, n'kukodola amayi aja ndi dzanja kuti awoloke. Ndinaona ulemu umene sindinauonepo pa alamu anga chigulireni galimoto.

"Nanga Lolemba mudzatani?" ndinafunsa.

Amake Lonjezo anakonza nkhata pamutu, n'kuyang'ana msewu kumtunda ndi kumunsi.

"Lolemba tidzawoloka basi, bambo. Madzi sadikira. Masamba akadzayalidwanso, mudzatsike mudzafunse ngati mmene munafunsira tsiku lija. Mwina ulendo umenewo adzakuyankhani ndi wina."