Atseka Dzenje Mailo

Dzenje lakale la mgodi wa golide ku Sasare silinathilidwe simenti, ndipo mileme yokhala m'menemo ili moyo. Zinatsala pang'ono kulakwika chifukwa cha mau atatu a pa foni.

Nditasiya nchito ya nyuzipepala ndinalowa pa kakampani kofufuza zachilengedwe. Anthu akafuna kukumba, kumanga kapena kutseka malo, ife timayamba taona zamoyo zimene zili pamenepo n'kulemba lipoti. Ine ndinali wolemba ndiponso woyendetsa galimoto. Katswili wa mileme anali mai wina wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, amene ankayenda ndi kamakina komva kulila kwa mileme kumene khutu la munthu silimva.

Kampani ina inafuna kutseka maenje akale chifukwa mbuzi ndi ng'ombe zinkagwelamo. Pa dzenje limodzi kamakina kaja kanagwila kulila kwa mtundu wa mileme umene watsala pang'ono kutha, ya mphuno yopindika ngati tsamba. Koma kulila kokha sikukwanila mu lipoti. Pamafunika kugwila mleme, kuuyeza mkono, kuujambula n'kuumasula. Ukonde wathu unali utang'ambika, choncho podikila watsopano tinapita kukaona malo ena ku Luembe. Nambala yathu tinaisiya kwa mlonda wa pa dzenjepo, bambo wachikulile.

Lachitatu m'mawa, titangolandila ukonde pa basi ku Nyimba, uthenga wa mlonda unafika: "Atseka dzenje mailo."

Amai aja anangokhala pansi pa khonde la golosale. Unali mwezi wa Novembala, nthawi imene mileme imabeleka, ndipo mleme umabala mwana mmodzi yekha pachaka.

"Basi," anatelo. "Aikwilila momwemo ndi ana omwe."

Ndinauwelenganso uthengawo. Kwathu kuno mailo ndi dzulo, mailo ndi mawanso. Ndipo "atseka" amamveka bwino pakamwa pokha, chifukwa kakwezedwe ka mau ndiko kamauza munthu ngati nchito yachitika kale kapena ichitika. Akalembedwa, onse awili amafanana. Ku nyuzipepala anandizoloweza kuti nkhani yosadziwika tsiku siinakhale nkhani.

"Amai, akanakhala kuti atha, akanalemba kuti anatseka."

"Bambo aja amaumila zilembo. Simunaone mauthenga awo ena?"

"Ndiye tiyeni tikaone ndi maso."

Foni ya mlonda sinkapezeka. Tinathamanga pa tala mpaka ku Petauke, kenako msewu wafumbi umene mvula yoyamba inali itaukumba kale. Njila yonse amaiwo anangofungata ukonde uja.

Tinafika dzuwa litapendeka. Panali lole, mulu wa mchenga, matabwa ndi matumba a simenti ophimbidwa ndi lona. Dzenje linali yasa, osakhudzidwa.

"Ndinalemba bwinobwino, mailo!" anatelo mlonda atamva nkhawa yathu. "Inu ophunzila mumawelenga bwanji?"

Kapitao wa omangawo, bambo wamimba wovala chisoti chachikasu, sanakondwele nafe. "Amai, ine mawa m'mawa ndithila. Mbuzi za anthu zikuthela umu, inu mukulilila mbewa zouluka?"

"Akapitao, tipatseni madzulo ano okha," anatelo amai.

"Madzulo ndi anu, ine sindigwila nchito mumdima. M'mawa ndi wanga."

Tinaimika mitengo iwili n'kumanga ukonde pakamwa pa dzenje. Ulusi wake ndi woonda ngati tsitsi. Dzuwa litangolowa kamakina kanayamba kulila, ndipo mileme inatuluka motsatizana. Yoyambayo inkafika pa ukonde n'kutembenuka ngati yauona, chifukwa mtundu umenewu umamva ngakhale ulusi. Tinasuntha ukonde kawili. Kachitatu tinauika chopingasa, pansi pang'ono, ndipo unagwedezeka.

Amai anaumasula mlemewo atavala magolovesi. Tochi inali m'manja mwa kapitao, amene anabwela pafupi kuti atiseke. Mkono unayezedwa, ine n'kulemba. Mphuno inali yomwe ija. Atautembenuza, pachifuwa panali kamwana kopanda ubweya katakakamila mai wake.

"Nkhope ngati ya apongozi anga akakwiya," anatelo kapitao. Koma tochi sanaisunthe mpaka nditajambula zithunzi zonse, ndipo anafunsa ngati kamwanako kamayamwa mkaka weniweni.

Mleme utamasulidwa n'kuuluka ndi mwana wake, mai wosakonda zolankhula uja anaimba nthungululu mpaka agalu a m'mudzi wapafupi anayankha.

Zithunzi ndinazitumiza ku kampani yotseka maenje ija nditakwela pa chulu, malo okhawo amene foni imagwila. Lipoti lalifupi ndinalilemba monga ndinkalembela nkhani ya tsamba loyamba: chimene tapeza, malo ake, tsiku lake lenileni. M'mawa mwake, simenti isanasakanizidwe, ofesi ya kampani ija inaimbila kapitao kuti aleke. Matumba anakwezedwanso pa lole kupita ku maenje amene tinawapeza opanda mileme, ndipo pa lathuli anazungulizapo mpanda wa waya.

M'malo mwa simenti padzaikidwa chitseko cha zitsulo zopingasa, zotalikilana moti mleme udutsa koma mbuzi ai. Wowotchelela wa ku Petauke anayeza kale pakamwa pa dzenjelo. Adzachimanga mvula ikatha, ana atayamba kuuluka okha, ndipo sabata lomwelo ife tidzapita kukawelenga yotulukamo.