Masabata asanu ndi anayi pampando wobwereka

"...ndiye akuti wamkulu pa onse ndine," anatero amalume Ragib akupukuta magalasi. "Osati nzeru ayi, mphwanga. Zaka basi."

Ndinali nditangobwerera kuno ku Bosnia kuchokera ku Sweden komwe ndinakulira, n'kupeza ntchito yolemba zokambirana m'nyumba ya malamulo ya chigawo chathu. Amalume anaphunzitsa masamu kumudzi kwathu moyo wawo wonse. Chipani china chinawaika pandandanda wa opikisana pachisankho cha aphungu kuti angodzaza mpata, koma anthu amene anadutsa m'manja mwawo anawavotera. Iwo anabwera ndi nkhani imodzi yokha: mlatho wamatabwa owola umene ana khumi ndi anayi amawolokera popita kusukulu. Chipale chofewa chikasungunuka mu Malichi, mtsinje umadzaza mpaka kunyambita matabwawo.

Lamulo limati aphungu atsopano akakumana koyamba, wamkulu pazaka ndiye amatsogolera mpaka sipikala asankhidwe. Ntchito ya tsiku limodzi. Koma kwathu kuno sipikala ndi achiwiri ake awiri amayenera kuchokera m'mitundu itatu yosiyana ya anthu a m'dzikoli, ndipo palibe chipani chinkafuna kukweza mkono chisanadziwe kuti komiti ya zachuma igwera yani.

Tsiku loyamba amalume analiza belu. "Pamene tikudikira, ndili ndi nkhani ya mlatho..."

"Pepani aphunzitsi," anawadula mlembi wamkulu wa nyumbayo, bambo Zdravko. "Mpandowo mwangobwereka. Mukuloledwa chinthu chimodzi, kusankhitsa sipikala."

"Nanga beluli n'lachiyani?"

"N'lopumira, aphunzitsi."

Sananame. Chipani chikapempha kupuma, wapampando sakana. Aphungu ankalowa, wina n'kuimirira kupempha theka la ola, amalume n'kuliza belu, theka la olalo n'kusanduka sabata. Ine ndinkalemba zonsezo, tsamba ndi tsamba lopanda kanthu.

"Ku Sweden zoterezi sizingachitike," ndinadandaula m'kantini.

"Iwe wa ku Sweden, imwa khofi asanazizire," anatero mayi Mujesira, amene akhala akuphikira aphungu khofi kuyambira ine ndisanabadwe. "Nyumba ya malamulo ndi matebulo angawa. M'holo muja amangopitamo kukaongola mikono."

Sabata yachisanu ndinawapanikiza amalume. "Malume, kanani kuliza belulo. Makamera ali pomwepo, mpando ndi wanu. Tchulani mlathowo dziko limve!"

"Ine ndinkaimika ana pakona chifukwa cholankhula asanapatsidwe mpata. Ndiyambe lero, ndi imvi zimenezi?"

Ndinawakwiyira. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinalakwa.

Sabata yachisanu ndi chinayi akuluakulu a zipani anatuluka m'kantini akuseka. Sipikala, achiwiri ake, komiti ya zachuma, zonse zinatha m'mphindi khumi ndi imodzi. Amalume anapereka belu n'kukakhala kumzere womaliza, pafupi ndi chitseko. Anakweza mkono bwinobwino mpaka anapatsidwa mpata, nawerenga pepala lawo lonse, ndi mayina a ana khumi ndi anayi aja.

"Tathokoza aphunzitsi," anatero sipikala watsopano akuyang'ana foni. "Zimenezo zipite kukomiti ya misewu."

Komiti ya misewu inali isanakhazikitsidwe. Inalibe podyera, ndiye palibe ankailimbirana. Apa n'kuti Febuluwale akutha, madenga akudontha kale ndi chipale chosungunuka.

Nditaweruka ndinapeza amalume akundidikira panja ndi chikwama chachikopa chimene phungu aliyense anapatsidwa. Tinakhotera kushopu ya zipangizo zomangira.

"Ee, a Sipikala athu!" anafuula mwini shopu. "Tikupatseni belu lina?"

"Misomali, Stipo. Yaitali. Kilo imodzi."

"Boma latuma inu kudzagula misomali?"

"Boma likupuma," anatero amalume.

Anataya mapepala a zokambirana m'bini ya pakhomo, naika misomaliyo m'chikwama. Matabwa anati akapempha kwa makolo a ana aja Loweruka. Ulendo wonse wa pabasi wopita kumudzi anafungatira chikwamacho pamiyendo, misomali ikulira pa bampu iliyonse.