Elifala Alankhula ndi Apongozi Ali Mumtengo

Elifala Chimbalanga anabadwira m'mapiri a ku Ntchisi, ndipo akwawo amati anayamba kukwera mitengo asanakhwime miyendo. Pansi anali munthu wopanda pake. Khasu linkamupulumuka m'manja, ndipo fodya amene anabzala chaka china anatuluka wamfupi ngati therere. Koma mukamupatsa nkhwangwa ndi chingwe n'kumulozera mtengo, ankasanduka munthu wina. Atakwatira Rute wa kufupi ndi Mponela anakhala chikamwini, nayamba kudya za kusadza mitengo, kumishoni, kumasitolo, paliponse pamene nthambi yaopseza denga. Mwini mtengo ankamulipira, nthambi n'kumusiyira, iye n'kukazigulitsa kwa owamba fodya. Mtengo umodzi unkamudyetsa kawiri, nzeru imene amalonda ambiri sanaitulukire mpaka lero.

Apongozi ake, aNankhoma, anali ndi mtengo waukulu wa mango m'mphepete mwa msewu, ndipo banja lonse linkapeza mchere ndi sopo pogulitsa mangowo kwa okwera basi. Monga mwa mwambo, awiriwa ankathawana. Chikwatirire Elifala sanalankhulane, sanapenyane kumaso. Akakumana panjira, wina ankalowa m'chimanga cha kuno, wina cha uko. Tsiku lina onse anathawira mbali imodzi, nakhala chogwada mizere yoyandikana mpaka mvula inawabalalitsa.

Ndiye kunabwera magetsi. Mawaya anadutsa pafupi ndi mtengowo kupita kuchigayo chatsopano, ndipo anthu anayamba kale kukamba za zakumwa zozizira. Koma nthambi imodzi inakula n'kuwerama pamwamba pa mawaya. Kapitawo wa amagetsi anati tsiku lakuti adzazimitsa magetsi m'mawa wonse, ndipo akadzabwera masana n'kupeza nthambiyo ikadalipo, anthu ake adzadula mtengo wonse patsinde. Rute anafikitsa mawu a mayi ake osachotsapo kanthu: mtengo ukagwa, mkamwini apinde mphasa yake azipita ku Ntchisi.

Tsikulo mudzi unali zii. Rute ndi amayi anzake anali atatengedwa kukaphunzira magule a chipani, amuna anali kumsika wa fodya, ana kusukulu. Elifala anakwera, namanga nthambiyo ndi chingwe kuti aitsitse bwino osakhudza waya, nayamba kutema. Atafika pakati anayang'ana pansi. ANankhoma, amene magule anawasiya chifukwa cha bondo, anali atakhala pansi penipeni pa nthambiyo, atamufulatira, akusenda mtedza m'lichero. Pambali pawo panali mbuzi yomangirira pachikhomo.

Elifala anatsokomola. Iwonso anatsokomola. Anagwetsa kakhungwa, iwo anangokachotsa m'lichero. Woti amutume panalibe, ndipo dzuwa silinkadikira mwambo wa munthu. Pomaliza anayang'ana mbuzi ija.

"Mbuzi iwe, takawauza eni mtengo kuti nthambi ikutsika, asendereko pang'ono."

ANankhoma nawo anatembenukira kwa mbuziyo. "Uwauze a m'mwambawo kuti ndasendera kale ndili mtsikana. Nthambi imeneyo ndiyo ya mango otsekemera. Adule ina."

Kunapezeka kuti sanabwere mwangozi. Elifala anafotokozera mbuzi mwaulemu wonse kuti nthambi zinazo amagetsi alibe nazo mlandu. Mbuzi inauzidwa kuti iyankhe kuti amagetsi sanadyepo mango a nthambi imeneyo. Iye anati kutaya nthambi imodzi n'kusunga mtengo ndi malonda abwino. Iwo anati munthu amene fodya wake anafika m'mawondo asaphunzitse anthu malonda, ndipo anapempha mbuzi kuti mawu amenewa iwanene mokweza. Elifala analonjeza kuti nkhuni zonse zikhala zawo. Iwo anati nkhuni za mtengo wawo n'zawo kale.

Nthawi yonseyi mbuzi inali ikutafuna chingwe chake. Chitaduka, inanyamuka osatsazika, n'kulowera kuchigayo.

Kutali pamsewu kunaoneka fumbi la galimoto ya kapitawo. Elifala anayesa kutuma lichero, koma aNankhoma anauza nthaka kuti lichero lilibe makutu, ndipo iwo salandira uthenga wodzera m'ziwiya. Pamenepo nthambi ija inalira potemedwa paja, chingwe chinakungika, maluwa a mango anayoyokera m'mtedza.

"Amayi, chokanipo!"

Mawuwo anatuluka okha. ANankhoma anadzambatuka, bondo lija osalikumbuka, nakaima poteropo lichero lili kumutu. Anakweza maso, namuyang'ana mkamwini wawo koyamba, nthawi yaitali ndithu.

"Kani muli ndi mpata m'mano? Rute sanandiuze. Tsitsanitu, mukudikira chiyani? Kumanzereko, mungandithyolere mpanda."

Anatsitsa nthambiyo pang'onopang'ono, iwo akumulangiza ntchito imene sanaigwirepo. Pamene kapitawo ankatsika m'galimoto, mawaya anali pambalambanda. Anazungulira mtengowo, nati ukuoneka ngati mutu wometa mbali imodzi, koma ukhale. Elifala atatsika, kapitawo anayatsanso magetsi, chigayo chinayamba kulira.

Mphasa sanapinde. Akuluakulu anagamula kuti apereke nkhuku poti analankhula ndi apongozi popanda mwambo, ndipo nkhukuyo itadyedwa anati kuthawana kwatha, azilankhulana. Apa m'pamene Elifala anadziwa zimene mwambo unkamutchinjiriza. ANankhoma anali atasunga mawu a zaka zonse zija: za kayendedwe kake, za kutafuna kwake, za denga la nkhokwe limene anafolera chaka cha ukwati. Ankayamba m'mawa iye akusukusula.

Kuyambira pamenepo ntchito yake inakula kwambiri. Ankavomera mtengo uliwonse, ngakhale wa kutali ngati ku Dowa paboma, ndipo amagetsi anayamba kumuitana okha akafuna wosadza m'mbali mwa mawaya. Ankamuyamikira kuti ndi munthu wosamala, wosathamangira kutsika.