Anamphepo ndi mipando ya m'magazi

Mayi anga aang'ono anthu amawatchula kuti Anamphepo, ndipo iwo sadana nalo dzinalo. Nyumba yawo ilibe galasi ngakhale limodzi pazenera. Anachotsa okha magalasi onse, n'kusiya zitsulo zotchinga akuba basi. Ukapita kukawaona nyengo yozizira umakhala utafumbata kapu ya tiyi, mano akugundana, iwo ali phee pampando, makatani akuwakupiza kumaso. Ukadandaula amangoti, "Vala juzi." Alendo ambiri anasiya kubwera. Ine ndimapitabe chifukwa ndine mwana wa mkulu wawo, koma ndisaname, ndimapita ndikung'ung'udza.

Ntchito yawo ndi yosita zovala. Kale iwo ndi amuna awo, bambo anga aang'ono, anali ndi kashopu ka zipinda ziwiri pafupi ndi pokwerera mabasi. Mayi ankachapa ndi kulandira makasitomala kutsogolo, bambo ankasita kuchipinda chakumbuyo. Magetsi ankangozimazima, choncho ankadalira simbi zamakala, ndi mbaula yosazima tsiku lonse pakona yopalapo moto. Mbiri yawo inali pa zoyera: malaya a anthu a m'maofesi, mayunifolomu a anamwino, madiresi aukwati.

Chovala choyera mdani wake ndi phulusa. Kamphepo kakangolowa, kaphulusa kamauluka m'simbi n'kutera pakolala, simbi n'kukaponda, basi kachapeninso. Ndiye bambo aang'ono anali ndi lamulo lawo. Makala ayakire panja mpaka utsi wonse uthe, kenako alowe m'chipinda, pasatsale potulukira kapena polowera mpweya. Ankadzitama nazo. "Chimapha ndi utsi," ankatero, "wangawu ndi moto woyera." Anali munthu wanthabwala, wosatha kusita popanda kuimba likhweru, nyimbo yake imodzimodzi yomwe sankaimaliza.

Anamwalira masana, tsiku lozizira la chimphepo, akusita diresi laukwati. Anawapeza atakhala pampando, mutu atatsamira khoma, ngati munthu amene akupumula. Simbi anali ataiimika bwinobwino, diresi silinapse ngakhale pang'ono. Kuchipatala anati ndi mpweya wa makala. Mkwatibwi anatumiza munthu kudzatenga diresi lake anthu ali pamaliro, ndipo mayi aang'ono anadzuka pakati pa azimayi olira, n'kukalipinda okha.

Kuyambira pamenepo amasitira pakhonde, ndi simbi yamagetsi. Magetsi akazima amakhala pansi n'kudikira, kasitomala akwiye asakwiye. Nthawi zina mphepo ikamadutsa m'zitsulo za pazenera amaimitsa dzanja, n'kupendeketsa mutu. Sanena kuti akumva chiyani. Ine ndinamvapo kamodzi kaphokoso kameneko, kali ngati likhweru lodukira panjira.

Ali ndi funso limodzi lomwe akhala akufunsa aliyense kwa zaka zonsezi: kodi bamboyo akanatuluka msanga m'chipindamo, akanakhala moyo? Abusa anati inali nthawi yawo. Achibale anati inali nthawi yawo. Nditayamba ntchito yoyeza magazi kuchipatala, amayi anga anandikokera pambali. "Mng'ono wangayu adzakufunsa ndithu. Ukamuuze kuti panalibe chochita. Wamva?" Ndinavomera, ngakhale kuti zonamiza munthu wamkulu ngati mwana zimandinyansa.

Mayi aang'ono anandifunsa Loweruka lina masana. Ndinali nditawapititsira gauni yanga yoyera yakuntchito, chifukwa amati mmene ndimasitira ine ndimachititsa manyazi mtundu wonse.

"Iwe umaona magazi tsiku ndi tsiku," anatero, maso ali pa gauni. "Tandiuza. Chinthu chosanunkha, chosaoneka, chimagwetsa bwanji chimunthu ngati chija?"

Ndinawauza mmene ndimadziwira. M'magazi muli timapuloteni tosawerengeka totchedwa hemogulobini, ndi timene timafiiritsa magazi. Kalikonse kali ngati kagalimoto ka mipando inayi. M'mapapo, mpweya wabwino umene timapuma umakwera n'kukhala pamipandoyo, chifukwa mipandoyo inaumbidwa mokwanira iwo. Koma sugwira zolimba. Ukafika ku ubongo kapena ku mtima, umatsika n'kukagwira ntchito. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wina, ngakhale utsi utatha. Umenewo umakwananso pampando womwewo, koma ukakhala umakakamira kuposa mnzakeyo maulendo mazana awiri ndi kupitirira. Choipa china, ukangokhala pampando umodzi, kapuloteni konse kamasintha kaumbidwe, moti ngakhale mpweya wabwino umene uli pamipando yotsalayo umavutika kutsika. Magazi amazungulira ali ofiira bwino, odzaza, koma thupi likufa ndi njala ya mpweya.

Anatembenuza gauni, n'kuyamba mkono wina.

"Ndiye wokwera ameneyo satsikanso?"

Apa ndi pamene amayi anga ankanena paja. Ndikanangoti satsika, nkhani ikanathera pomwepo, aliyense n'kumwa tiyi wake. Ndinayang'ana manja a mayi aang'ono, odzaza zipsera za simbi, ndipo ndinawauza zoona.

"Amatsika, Amayi. Pang'onopang'ono. Munthu akatuluka panja, mpweya wabwino umachuluka n'kuyamba kumulanda mipando."

"Chikhala kuti anatuluka akadali chiimire?"

"Sindingalumbire. Koma ambiri otere amachira. Mwina akanangogona ndi mutu wowawa."

Ndinkadikira kuti alire, kapena andithamangitse. Iwo anamaliza mkonowo, anasita kolala mbali zonse ziwiri, n'kuimika simbi.

"Ndinalowamotu," anatero. "Ngakhale amayi ako sadziwa. Ndinawapititsira tiyi. Ndinawapeza ataima, agwira tebulo, akuti mutu ukuphwanya, miyendo yalemera. Ndinatsegula chitseko chonse, ndati bambo, tulukani mupume kaye. Anayamba kubwera, mwanawe. Anali atafika pafupi ngati pamene wakhalapo iwepo. Ndiye mphepo inalowa, diresi n'kuyamba kuuluka, phulusa nalo. Anabwerera kukagwira diresilo. Akuti, 'Tseka, mayi, ukufuna mwana wa eni akakwatiwe ndi madontho?' Ankaseka. Ine ndinatseka. Ndipo poti ndine munthu wosachita zinthu mwatheka, ndinatenga chiguduli n'kutseka kampata ka pansi pa chitseko. Ndinachikankha ndi phazi langali."

"Simunkadziwa, Amayi. Palibe amene..."

"Usayambe. Zimenezo ndamva zambiri."

Anapinda gauni ija mosamala n'kundiika pamiyendo, ikadali yofunda. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo choncho. Sikuti inali yachisoni kuposa masiku onse. Inali ngati ya munthu amene wakhala akutsutsidwa pa chinthu chimene anaona ndi maso ake, ndiye wapezeka mmodzi womuvomereza. Zinandiopsa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinawathandiza kapena ndinawapweteka.

"Zaka zonsezi aliyense amandiuza kuti nthawi yawo inali itakwana, anali opita kale," anatero. "Opita kale bwanji? Ine ndinawaona. Anali moyo, akubwera kuchitseko."