Kagalimoto ka Ada ka ku Japani

Ada, bambo anga, anabwera ku Kande ine ndili sitandade faifi, atakhala ku migodi ya ku Zambia zaka zisanu ndi zitatu. Anthu anali atayamba kale kuwatchula mchona. Sanabwere pa basi ngati amuna ena, anabwera pa kagalimoto koyera kopanda mphuno, kooneka ngati buledi. Anati n'ka ku Japani, ndipo kanawoloka nyanja yamchere kali m'mimba mwa sitima.

Msewu unkathera pasukulu, choncho anakaimika pansi pa mtengo wa mango. Chitseko chake chinkatsetserekera cham'mbali. Masana onse ndinkakhala m'menemo ndekha, mawindo ali otseka, ndikununkhiza mipando yotentha ndi dzuwa. Ndinkaganiza za anthu amene anaisoka: kodi ankadziwa n'komwe kuti kuli Kande? Tulo tikandiba, kagalimoto kankanyamuka kokha, n'kumayandama pamwamba pa minda ya chinangwa, nyumba za ku Chintheche zikucheperachepera pansi mpaka kuzimiririka.

Mipando ndinaiwerenga, inalipo isanu ndi inayi. Ife tinalipo atatu: Ada, Ama ndi ine. Palibe anandiuza kuti tipita nawo pobwerera ku Zambia, komanso palibe anandiuza kuti titsala. Ine ndi phuma langa ndinatsanzika kalasi yonse, mpira wanga wa fulaye n'kugawiratu.

Kwathu wapaulendo sachoka chimanjamanja. Ama anaviika chinangwa, kuyanika, kusinja. Ine ndinkasefa, dengu lililonse kawiri, poti ufa wokadya ine ndemwe ku Zambia sindikanalola kuti ukhale ndi misere.

Tsiku la ulendo abale anafika m'mamawa. Azakhali anasenza usipa, amalume mkoko wa nthochi, amayi a kutchalitchi mphasa ziwiri ndi mtedza. Kukana mphatso ya m'bale n'kumunyoza, ndiye Ada ankangothokoza kuti, "Yewu, yewu," uku akusanja pamipando. Ine ndinaima chapafupi nditavala diresi langa la Lamulungu, ndikuona mipando ikutha umodziumodzi. Wa pawindo, umene ndinkagonapo, anaikapo thumba la ufa.

"Ama, nanga ife tikhala pati?"

Ama anandikokera kuseri kwa mtengo.

"Iwe mwana, wakuuza za ulendo ndani? Ada wako ali ndi nyumba ina kumeneko. Uli ndi ang'ono ako atatu, ndipo chibadwire sanalawepo kondowole."

Zinandiwawa, ndipo sindinama, mpaka lero ndine gogo zimandiwawabe. Ndinafuna kung'amba thumba lija ufa umwazike pamchenga.

Injini italira, Ada anandiitana pamaso pa anthu onse. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ufa wosalala chotero sanauonepo, ndili ndi manja a Ama. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, n'kuyankha kuti, "Yewu, Ada."